Mmene Ndinakwezera Apongozi Sitima ku Joni

Pali nkhani imene anzanga a kuno ku Kapoche amaikonda akakhuta, ndipo aliyense amaikamba mwa njira yake. Ena amati ndinamenya wapolisi. Ena amati ndinabereka apongozi kumsana mzinda wonse ukuonerera. Bodza lokhalokha (la kumsanalo ndiye limandiwawa kwambiri, chifukwa silili kutali ndi zoona). Ndiye ndati ndisanafe ndiikambe ndekha, mwini thukuta, kuti mukamaseka muziseka zenizeni.

Zinachitika ku Joni, zaka zingapo chitadutsa chimfine chija chinatha anthu. Ine ndinali khukhi kwa mzungu wina, ndipo ndinali nditagonako mvula zinayi. Kumudzi ndinasiya mkazi wanga Naphiri ali ndi pakati, n'kumuuza kuti ndikungokatenga bulangete ndi njinga, mapira asanache ndabwera. Bulangete ndinagula. Njinga ija inkangoti chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka anthu anayamba kunditcha mtchona. Ine sindinkadziona choncho ai. Mtchona ndi munthu woiwala kwawo, pamene ine kwathu ndinkakukumbuka Lamulungu lililonse, makamaka ndikadya bwino.

Lamulungu lina, kumene tinkakumana anthu a kwathu kuseri kwa nyumba za azungu, anandikokera pambali Zakeyo, mnzanga wa mudzi woyandikana ndi wathu, amene ankasesa pa siteshoni. Nkhope yake inali ya munthu wobwera kudzanena maliro.

"Iwe, apongozi ako akubwera."

"Apongozi ati?"

"Uli nawo angati? Amake a Naphiri."

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Koma zinali zoona. Amayiwo anali amasiye, ndipo ankalera ana a mbusa wachizungu pa mishoni ya kwathu. Mbusayo popita kwawo kukapuma, kumwera kwa Joni, anawatenga. Tsopano iye anali atadwala, sakanabwerera msanga, ndiye ankawabweza okha. Vuto linali apa: sitima yawo inkathera pa siteshoni imodzi, koma ya ku Bulawayo inkanyamukira pa ina, kutsidya kwa mzinda, ndipo ya ife anthu akuda inkapita kamodzi pa mlungu. M'sitima ya tsiku lomwelo munali aphunzitsi awiri obwerera kwathu, amene akanayenda nawo ulendo wapansi kuchokera ku Halale mpaka kumudzi. Ikanawasiya imeneyo, basi, nkhalamba ikanatsala yokha m'Joni.

"Ndipo tsegula makutu," anatero Zakeyo. "Amalume ake a Naphiri atopa nawe. Akuti mkazi sakwatiwa ndi mphepo. Pali mnyamata wina wosoka zovala wayamba kusochera pafupipafupi pakhomo paja. Akungodikira amayiwa kuti akanene zimene akaone kuno. Akakati ndiwe munthu, ukwati ulipo. Akakati ndiwe chitsiru, wasudzulidwa."

Naphiri ndinkamukonda, abale, ndisakunamizeni. Ulesi wobwerera kumudzi ndi nkhani ina, chikondi ndi nkhani inanso.

Tsopano inu a masiku ano, amene mumadya mbale imodzi ndi apongozi mpaka kuwatuma mchere, simungamve msanga vuto langa. Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi aakazi kumaso. Salankhula nawo mwachindunji, mawu amadzera mwa munthu wina, ngakhale kamwana ka mamina. Mukakumana panjira, amene wayamba kuona mnzake amapatukira kutchire, n'kunyonyomala chofulatira, kuomba m'manja mpaka winayo adutse. Ine pa mwambo umenewu ndinali katswiri. Chaka chimene ndinakhala pa chikamwini ndinadziwa minga ya chitsamba chilichonse cha njira ya kumadzi, ndipo anthu ankanditama kuti mkamwini koma uyu. Ndiye tinapangana ndi Zakeyo kuti iye adzakhala pakamwa pathu: ine patsogolo, iye pakati, amayi pambuyo.

Tsikulo litafika ndinapempha dona, mkazi wa bwana wanga, kuti ndikaone m'bale wodwala, sindichedwa. Ndinavala jekete lakale la bwana ndi chipewa, nsapato ndinapukuta mpaka ntchentche kuterereka. Ndinkafuna amayi akanene kumudzi kuti mkamwini wathu ku Joni ndi munthu wamkulu. Kufika pa siteshoni, Zakeyo kulibe. Kapitawo wake anali atamutumiza kwina kukatsitsa malasha. Sitimanso inachedwa, moti mpata umene tinkati ndi wokwanira kuphika nyemba unatsala wongokwanira kuwiritsa mbatata.

Anthu atayamba kutsika mbwee, ndi pamene chinthu china chinandifika mumtima. Apongozi anga sindinkawadziwa nkhope! Ndikanawadziwa bwanji, poti sindinawayang'anepo? Chimene ndinkadziwa ndi mapazi, chifukwa ukanyonyomala m'tchire ndi zimene umaona zikudutsa. Chala chachikulu cha kumanzere chinali chokhota, khasu linachitema kale. Ndiye ndinayamba kuyenda chowerama m'khamu muja, kusuzumira mapazi a amayi a eni ngati munthu wotaya singano. Posachedwa ndinachipeza chala chokhota, pa phazi la mayi wina wonenepa bwino. Ndinavula chipewa, kugwada chofulatira, kuomba m'manja ndi ulemu wanga wonse. Anali mayi wa Chisutu. Anandikong'ontha ndi ambulera pamutu n'kunena mawu amene sindinawamve, koma si madalitso.

Ndikusisita pamutu, ndinamva kutsokomola. Kho, kho, kenaka kamawu ka m'mphuno pomalizira. Kutsokomola kumeneko ndinkakudziwa, ndiko kunkandichenjeza m'mawa uliwonse kuti ndichoke panjira. Kucheuka, ndinaona munthu atayang'ana khoma, atafunda nsalu kumutu, pambali pake pali bokosi lamalata lobiriwira. Kumapazi nsapato! Dona wa kumishoni anali atawapatsa nsapato zake zakale. Iwo anali atandiona kalekale (amati apongozi sayang'ana mkamwini, koma musanamizidwe, amaona zonse, ndipo za ambulera zija anaziona).

Ndinagwada chapatali. Tsopano mawu adzere mwa yani? Ndinayang'ana uku ndi uku, onse achilendo, aliyense ali pa liwiro lake. Chimene chinali pakati pa ine ndi iwo ndi bokosi lija basi. Ndinakonza pakhosi.

"Bokosi iwe, uwauze amayi kuti ndawaona. Ayenda bwanji?"

Ndinkaopa kuti ayesa ndapenga. Kenaka m'nsalu muja munatuluka mawu odekha.

"Uwauze akamwini kuti tayenda bwino, kaya iwo."

Mtima unakhala pansi. Koma ndinaiwala kuti mlendo akafika amapereka malonje, ndipo malonje sadulidwa. Amayi anayamba kulifotokozera bokosi ulendo wonse: mmene mbusa anayambira kudwala, mankhwala amene anamwa, mmene ana analirira potsanzikana, siteshoni iliyonse imene anadutsa ndi zimene ankagulitsapo. Ine kuomba m'manja ndi kuvomera, diso lili pa wotchi yaikulu ya pakhoma, imene muvi wake unkayenda ngati wautuma.

"Bokosi, uwauze amayi kuti pepani, sitima inayo siyembekeza munthu."

"Uwauze kuti sindinafike pa za mwendo wanga."

Za mwendo zinatenga nthawi yake, chifukwa unayamba kutupa Lachiwiri. Atamaliza ndinasenza bokosi pamutu. Mayo ine, kulemera! Munali mphika wachitsulo, simbi, Baibulo ndi zina zimene dona anawaninkha. Ndinauza bokosi, lili pamutu pangapo, kuti amayi azinditsata, n'kutuluka panja.

Joni wa masana simungamumvetse ngati simunamuone. Ife akuda sitinkaloledwa kuyenda m'mbali mwa msewu mmene munkayenda azungu, tinkayenda mumsewu mwenimweni, pamodzi ndi ngolo za akavalo, magalimoto, ndi tisitima ting'onoting'ono toyenda pa njanji pakati pa msewu, tolira belu. Titayenda pang'ono ndinati ndicheuke ndione ngati akubwera. Pamene ndinangotembenuza mutu, iwo anatembenukanso, n'kunyonyomala chofulatira pomwepo, monga mwa mwambo. Ndinayang'ana kutsogolo, ananyamuka. Ndinacheukanso, ananyonyomalanso. Ulendo wathu unkayenda ngati wa nkhuku yotola mapira.

Kachitatu ndinacheuka pa malo oipa. Amayi anali pakati penipeni pa njanji, ndipo ananyonyomala pomwepo, nsalu kumutu. Uko kasitima kakubwera, belu ngwee ngwee ngwee, woyendetsa akukuwa.

"Bokosi! Uwauze achoke panjanji!"

"Uwauze ayambe iwo atembenuka."

Abale inu, munayamba mwafulatirapo munthu kuti mumupulumutse? Ine ndinatero. Ndinayang'ana kumene ndinkapita, maso nditatsinzina, makutu ali tcheru kudikira phokoso la mafupa. Kasitima kanadutsa, woyendetsa akutukwana mtundu wanga wonse. Kenaka kumbuyo ndinamva kho, kho. Ndinalumbira pomwepo kuti sindicheukanso mpaka pa siteshoni, zivute zitani.

Lumbirolo ndinalisunga bwino kwambiri, ndipo ndilo linandipweteka. Ndinayenda, ndinakhota, ndinawoloka misewu, khosi lili gwa. Patapita nthawi ndinazindikira kuti kutsokomola kuja sindikukumvanso.

"Bokosi, uwafunse amayi ngati ali bwino."

Bokosi chete. Ndinasuzumira kunsi kwa khwapa, mwakuba. Kumbuyo kwanga kunali mmwenye wokankha wilibala, ndi galu. Apongozi kulibe.

Chimene chinachitika ndinachimva pambuyo pake. Amayi, posafuna kuyang'ana thupi la mkamwini, ankatsata bokosi lobiriwira pamwamba pa mitu ya anthu. Koma ku Joni munthu aliyense wobwerera kwawo ankagula bokosi lobiriwira lomwelo, m'masitolo omwewo. Pa mphambano ina panadutsa bambo wina atasenza lake, ndipo amayi anamulondola mokhulupirika. Akuti anadzazindikira ataona kuti miyendo ya munthuyo ndi yowongoka, pamene ya mkamwini wawo ndi ya matewe (ndinakuuzani kuti amaona zonse).

Ine ndinabwerera liwiro la mtondo wadooka, bokosi likugunda pamutu, mphika ndi simbi zikumenyana m'kati. Ndinkangoona amalume a Naphiri akundifunsa kuti mlongo wathu unamusiya kuti, ine n'kuyankha kuti anasowa pakati pa sitolo ya nsapato ndi ya nyama. Pa ngodya ina, pafupi ndi nyumba yaikulu ya mpanda wa maluwa, ndinakhota mwamphamvu, ndipo uyo akubwera kutsogolo kwanga, pafupi ngati apa ndi apo, ndi apongozi.

Mutu sunaganize chilichonse. Thupi lokha linakumbuka za kumudzi. Linaona apongozi, linaona chitsamba, linadumpha. Ndinalowa mu mpanda wa mzungu uja chamutu, ine ndi bokosi, chipewa uko. Anali maluwa aja okongola koma a minga ngati mbedza. Jekete la bwana linang'ambika kuchokera paphewa mpaka m'chiuno, agalu a m'katimo anayamba kuuwa, ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndili m'mingamo ndinkayesabe kuomba m'manja.

Amene ananditulutsa ndi wapolisi wa Chizulu, chimunthu chachitali cha chibonga m'manja. Anandikoka mwendo ngati mbewa ku una. Tinalankhula chilankhulo chosakaniza chija tinkamvana nacho tonse kumeneko.

"Bokosi ili waba kuti?"

"Sindinabe, bwana. Ndi la amayi awo."

"Amayi ati?"

Kuloza apongozi ndi chala sikutheka, ndiye ndinaloza ndi milomo, nkhope nditayang'ana kwina. Wapolisi anaona munthu atanyonyomala moyang'ana khoma, atafunda nsalu, osaoneka ngati akundidziwa ngakhale pang'ono. Anawafunsa ngati bokosi ndi lawo. Iwo chilankhulocho sankachimva. Wapolisi anandigwira pakhosi pa jekete, pamene panatsala, n'kunena kuti tiye ukafotokoze kutsogolo. Nthawi yomweyo kutali kunalira mluzu wa sitima, woyamba uja woitana anthu kuti akwere. Apo ndinaona ukwati wanga ukutha ndikuyang'ana, ndipo misozi inatuluka yeniyeni, si ya minga ai.

"Bwana, chonde. Awo ndi amake a mkazi wanga."

Anaima. Anayang'ana amayi, anayang'ana ine, anayang'ana chibowo chimene ndinaboola mu mpanda. Kenaka anayamba kuseka, kuseka mpaka kutsamira chibonga chake, misozi mbwe.

"Kwathunso timathawa," anatero akupukuta m'maso, "koma ife timayamba taona kumene tikagwere."

Munthu wabwino ameneyo, Mulungu amukumbukire. Atamva za sitima anati wapansi simufika, n'kuliza likhweru kuitana likisho, kangolo ka mawilo awiri kokokedwa ndi munthu. Tsono anthu okoka tingoloti ankavala modabwitsa: nyanga za ng'ombe kumutu, nthenga, mikanda thupi lonse, miyendo yopaka zoyera, kumapazi zolira. Wathuyo anafika akudumphadumpha n'kubangula. Amayi anasuzumira pa kampata ka nsalu, n'kubwerera m'mbuyo.

"Uwauze akamwini kuti ine ndine wobatizidwa. Pa chilombo cha kudambwe sindikwera."

"Bokosi, uwauze kuti si gule ameneyu, ndi munthu, ali pa ntchito!"

"Uwafunse kuti munthu wa nyanga anamuona kuti."

Tikanakhala pomwepo mpaka lero, koma wapolisi uja anamenya chibonga pansi n'kuloza pampando, ndipo amayi anakwera akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Wanyanga analoza malo otsalawo kuti ndikhalepo ine. Ine? Phewa ndi phewa ndi apongozi? Ndinakweza bokosi pamalopo, ine n'kugwira kumbuyo kwa kangolo kuti ndizithamanga ndikukankha.

Tinauluka. Wanyanga ankadziwa ntchito yake, ankapyola pakati pa ngolo ndi magalimoto akukuwa, ine pambuyo wefuwefu, lilime panja, nsanza za jekete zikuuluka. Denga la siteshoni linayamba kuoneka kumunsi kwa chitunda, utsi uli tolotolo. Ndinayamba kukhulupirira kuti tifika.

Koma anthu amenewa ali ndi kamchitidwe kawo. Pa malo otsetsereka amadumpha m'mwamba atagwira mitengo ya kangolo, kuti kapendekere m'mbuyo pang'ono, wokwera akuwe, aonjezepo kenakake. Wathuyo anadumpha osadziwa kuti m'bokosi muli mphika ndi simbi. Kangolo kanapendekera m'mbuyo n'kupitirira. Iye anatsala m'mwamba, miyendo ikupalasa mphepo, nyanga zikuloza kumitambo. Amayi anagwa chagada pampando, mutu n'kulendewera kumbuyo, nsalu n'kugwa pansi. Ndipo nkhope yawo inadzaima pamaso panga penipeni, mozondoka, mphuno zathu kutsala pang'ono kugundana.

Umo ndi mmene ndinaonera apongozi anga koyamba. Kankhope kakang'ono, ka mphini m'masaya, kotopa. Koma maso, abale, anali maso a Naphiri enieni, ngakhale anali ozondoka. Chifundo cha kumudzi chinandigwira pomwepo pakati pa msewu, mwamphamvu kuposa masiku onse amene ndinakhala ku Joni. Tonse awiri tinatsinzina nthawi imodzi. Ndinalowetsa phewa pansi pa kangolo n'kukadzutsa, wanyanga anatera pansi, ndinatola nsalu n'kuiponya osayang'ana. Palibe amene ananenapo kanthu, ngakhale kudzera m'bokosi.

Pamene tinkalowa pa siteshoni, sitima inali itayamba kale kusuntha, pang'onopang'ono, ikupuma ngati ng'ombe yodzuka. Pa zenera lina ndinaona amuna awiri a makolala oyera akukupiza manja. Anali aphunzitsi aja.

"Thamangani! Thamangani, amayi!"

Ndinathamanga ndi bokosi, kuliponya pakhomo pa ngolo yawo, iwo n'kulikokera m'kati. Nditangoliponya ndinazindikira kuti ndataya mkhalapakati wathu. Kucheuka, amayi akubwera tswetswetswe, nsapato za dona zikuvuka chidendene, dzanja limodzi litagwira nsalu kumutu. Anafika pakhomo, anatambasula dzanja kuti agwire chitsulo, chinawapitirira. Anayesanso, chinawapitiriranso. Popondera pake panali patali, mwendo unali wotupa uja, ndipo sitima inkaonjeza liwiro. Kutsogolo ndinkaona pamene simenti ya siteshoni inkathera.

Za mwambo ndinaziganiza, musayese sindinaziganize. Koma ndinaganizanso za wosoka zovala uja. Ndinawagwira apongozi anga m'chiuno ndi manja awiri awa, kuwanyamula, kuwaika paphewa (paphewa, osati kumsana, a ku Kapoche mumve). Anali opepuka ngati dengu la thonje. Anakuwa kuti "Mayo!" koma ine ndinali kale pa liwiro. Ndinafika pakhomo, kuwalowetsa mutu, aphunzitsi kukoka manja, ine kukankha ndi mutu wanga. Pamene mutuwo unakankha sindilemba, ana amawerenga. Kuti alowe bwinobwino ndinadumphira pa chopondera, n'kuwakankhanso komaliza.

Analowa! Ndinatembenuka kuti ndidumphe nditsike. Dzanja linakana. China chake chinali chitandigwira pamkono, kugwira kwa munthu amene wasinja chimanga moyo wake wonse.

"Amayi, ndisiyeni nditsike!"

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene ndinawalankhula mwachindunji chikwatirire mwana wawo. Iwo nsalu inali ili m'khosi, ndipo sanaibweze kumutu. Anandiyang'ana m'maso.

"Mkamwini ndi mlamba, atate, sachedwa kuterereka. Ndakugwirani. Khalani pansi."

"Koma ntchito, amayi! Nyama ya bwana ndaisiya mu uvuni!"

"Ipse. Mwana wanu akuthamangitsa nkhuku pabwalo, nkhope yanu saidziwa. Akafunsa atate ake timamulozera njira ya kumwera. Tatopa kuloza."

Simenti inatha. Pansi panayamba kuthamanga miyala, kenaka mapiri oyera aja a mchenga wa kumigodi anayamba kubwerera m'mbuyo. Ndinakhala pansi. Malo okha amene analipo anali moyang'anana ndi iwo, mawondo kugundana, ndipo ndinayang'ana kudenga mpaka khosi linauma. Aphunzitsi aja anatsegula mabuku awo a nyimbo n'kubisamo nkhope, mapewa akugwedezeka. Gadi atabwera kudzaona matikiti ndinati lero ndagona m'ndende. Amayi anamasula mfundo ya pansalu n'kumupatsa zokwanira ndendende, osafunsa mtengo. Mtengowo anali atafunsa kale asananyamuke kwa mbusa. Ine ndinkayesa ndikuperekeza nkhalamba, pamene nkhalamba inabwera kudzatenga katundu wake.

Za ulendo wonse sindinena, ndi wautali. Ku Bulawayo, ku Halale, kenaka wapansi kudzera kwa Apwitikizi, kuwoloka Zambezi pa bwato, bokosi lili pamutu panga njira yonse, nsapato zanga zopukuta zija zitathera m'njira. Tinkalankhula ngati anthu, ndipo ndinapeza kuti amayiwo anali a nthabwala zoluma. Koma titangoona phiri la kwathu anaima, kukoka nsalu kumutu, kutsokomola. Ndinamva. Ndinatsalira m'mbuyo.

M'mawa mwake amalume a Naphiri anakhala pansi pa mtengo, ankhoswe a mbali zonse alipo, ndi anthu ena ambiri amene sanaitanidwe. Wosoka zovala uja ndinamuona ataima chapatali, malaya ake osita bwino. Ine ndinakhala pansi pa dothi m'jekete langa la theka. Amalume aakulu anafunsa mlongo wawo.

"Mwamuona mkamwini kumeneko. Tiuzeni, ndi munthu?"

Amayi, atafulatira, anayamba ngati malonje, osasiya kanthu. Amvekere: anagwadira mayi wachilendo. Anandinyonyomalitsa pa njanji. Ananditaya mumsewu. Analowa m'maluwa a mzungu. Anandikweza pa chilombo cha nyanga. Anandiona kumaso. Anandinyamula paphewa ngati thumba la mtedza, anthu a mitundu yonse akuona. Chilichonse chimene ankatchula, amalume ankapukusa mutu, amayi a m'mudzi akugwira pakamwa, ndipo wosoka zovala ankasendera pafupi. Ine ndinkangofuna nthaka itang'ambika.

"Ndiye tinene kuti ukwati watha?" anafunsa amalume.

"Ndani wanena zimenezo? Ulemu wa munthuyu unatsala pang'ono kundiphetsa. Pamene anautaya ndi pamene ndinakwera sitima. Wondigwira m'chiuno alipire mbuzi. Ukwati musaukhudze."

Mbuzi ndinalipira, ya amalume anga, ndipo anandikumbutsa za mbuziyo mpaka tsiku la imfa yawo. Anthu anaseka, wosoka zovala anakumbukira kuti ali ndi ntchito kwina. Anzanga amati phunziro la nkhaniyi ndi lakuti ukamathawa apongozi uziyamba waona kogwera. Mwina. Ine chimene ndinatolapo n'chakuti ndinkadziwa bwino kupatuka panjira, koma njira yobwerera kunyumba kwanga inachita kundionetsa nkhalamba ya mwendo wotupa.

Anthu atabalalika ndinapita kukakhala pakhonde pa Naphiri. Sanandikalipire, sanandisekerere, anangondipatsa madzi. Kuseri kwa nsalu yake kunasuzumira kamtsikana ka miyendo ya matewe, kakuyamwa chala. Kanandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka kanakoka amake.

"Amayi, alendowa achoka liti?"

Naphiri anandiyang'ana ine, kudikira. Ine ndinangofunsa kumene amasunga makasu.

Ku Joni sindinabwererenso. Koma mwanayo anatha mwezi wathunthu akunditcha alendo, ndipo pa manyazi onse a ulendo uja, amenewo okha ndi amene sindinawasekepo mpaka lero.